Jekete Yomwe Inandipatsa Ana Asanu ndi Mmodzi

Mukadzandipeza ku Matero Loweruka m'mawa, azimayi akuluakulu akundigwadira m'mbali mwa msewu ine ndikuyankha moni dzanja lili pachifuwa, musandichitire kaduka. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ana asanu ndi mmodzi, ndi zidzukulu zomwe ndinaleka kuziwerenga, koma mkazi wangawanga ndilibe. Amene akanakhala mkazi wangayo dzina lake ndi Mutinta. Nkhani iyi ndi ya momwe ndinamutayira chifukwa cha chovala chimodzi.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine ndinakula wopanda diso pa zovala. Chimene anzanga avala, inenso ndinkathamangira ku salaula ya ku Mandevu kukafukula m'milu ya zovala zakale mpaka nditapeza chofanana nacho. Nditakumana ndi Mutinta, yemwe ankagulitsa zovala mu shopu ina m'tauni, ntchito yondiveka anaitenga yekha ngati waitumidwa ndi boma. Anandisankhira mabuluku othina moti kuti phazi lidutse ndinkayamba ndaliveka pulasitiki. Anandisankhiranso nsapato zosongoka ndi malaya omwe sankalola munthu kukhuta. Mu minibasi kondakitala akati tisendeze, ine ndinkasendeza ndi pemphero. Foni sinkalowa m'thumba, choncho ndinkayenda nayo m'manja, kuitanira akuba a pa siteshoni (iwonso sanachite ulesi, anayankha kawiri).

Zonsezi ndinkapirira chifukwa ndinkamukonda mtsikanayo. Apa sindikuseka ayi. Anali munthu woyamba kundifunsa zimene ndikufuna kudzakhala n'kudikira yankho, ndipo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ndidzamukwatira.

Tsiku lina anandiona ndikubwera chapatali, ndikuyenda motang'adza, n'kupukusa mutu.

"Vovala vili bwino," anatero, "koma iwe mkati mwake suli bwino. Uoneka monga thupi unachita kubweleka. Sitayilo sibakopela kwa munzako. Upeze chamene iwe umvela bwino ukavala, ndiye chako."

Nzeru imeneyi anaitola pa foni, kwa anthu a kunja amene alibe amalume. Ine ndinaisunga mumtima.

Patapita milungu ingapo amalume anga a Gidiyoni anamwalira. Anali mlongo wa amayi anga, wamkulu pa onse, kalaliki wopuma pantchito, wa nyumba yakeyake ku Matero komweko. Banja lathu ndi la Achewa. Agogo anachokera ku Kasungu kalekale kudzaphikira azungu, ndipo ngakhale adzukulufe tinabadwira mu Lusaka, akuluakulu athu miyambo sanaisiye pa malire. Vuto ndi lakuti ife achinyamata pamaliro ntchito yathu ndi kunyamula mabenchi, kenako kukabisala kuseri kwa tenti ndi mafoni. Zimene zimakambidwa m'nyumba timazimva zitatha.

Maliro ataikidwa, m'mawa mwake banja linasonkhana kugawa zovala za malemu. Ine ndinachedwa (pulasitiki yolowetsera phazi inasowa, musafunse zambiri). Nditalowa ndinapeza m'nyumba muli zii. Zovala zinali zitagawidwa kale, aliyense kamulu kake pamiyendo. Chinatsala chimodzi chokha, atachikoleka pa mpando wa malemu pakati pa nyumba: jekete ya safari, ya manja aafupi, matumba anayi, mtundu wa tiyi wamkaka. Woyendetsa mwambo anali a Zulu, msuweni wa malemu, mkulu wa mpingo amene bodza limamukanika ngakhale loti apulumutse nalo munthu. Achimwene anga a Lazalo, oyamba kubadwa kwathu, anali atazyolika akuwerenga zala za kumapazi. Mwana wa amayi aang'ono anali kutsokomola chifuwa chomwe dzulo lake analibe.

"Nafunsa kachitatu," anatero a Zulu. "Pa aphwa onse a malemu muli pano, palibe amene atenga jekete iyi?"

Ndinawayang'ana abale angawo mowamvera chisoni. Anthu osadziwa chinthu chabwino. Ndinaonanso kuti ndikapanda kutsegula pakamwa ndituluka chimanjamanja.

"Ngati kulibe ofuna, nipaseni ine."

Amayi ananditong'olera maso ali pamphasa. Ine ndinayesa akundinyadira.

"Waganiza bwino, mwana iwe?" anafunsa a Zulu.

"Niyeseko chabe. Ngati siinikwana nizabweza."

Ndinaivala. Inakhala pamapewa ngati telala anandiyeza ndili m'tulo. Mphepo inkalowera kukhwapa n'kutulukira kumsana. Ndinakweza manja onse awiri, palibe ulusi unadandaula. Foni inalowa m'thumba limodzi, n'kutsala matumba atatu osowa ntchito. Chibadwire ndinali ndisanamvepo mtendere wotero m'chovala, ndipo ndinasangalala pakati pa anthu olira, zomwe mpaka lero zimandichititsa manyazi.

"Yanikwana," ndinatero.

Azimayi anaomba m'manja, wina mpaka anaimba nthungululu. Amake Esinati, mkazi wa malemu, anayamba kusisima akundiyang'ana. A Lazalo anadzuka n'kundigwira chanza ndi manja awiri, nkhope ili ngwee. Munthu ameneyu anali asanandithokozepo pa chilichonse, ndipo apa m'pamene ndinayenera kukayikira. Koma ine ndinali wotanganidwa ndi kupisa manja m'matumba.

Amayi anandikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi.

"Wadziwa chimene wachita?"

"Natenga jekete."

"Watenga dzina. Jekete ija anaipatula dala. Woivala ndiye alowa m'malo mwa malemu. Kuyambira lero ndiwe Gidiyoni, mwini mbumba. Ana awo ni ana ako, milandu ya banja ni yako. Ine ndine mlongo wako." Anaima pang'ono n'kudzikonza. "Ndine mlongo wanu."

"Nanga amake Esinati?"

"Akazi anu. Pa dzina chabe, osatutumuka. Zinazo mpingo unaletsa kalekale."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti ndi mwambo wa tsiku limodzi, wa kuomba m'manja n'kubalalika. Lamlungu lotsatira ananditumizira mawu kuti atate akudikiridwa kunyumba. Ndinapita kuti ndikaone atate akewo, n'kupeza mpando wa malemu ukudikira ine. Madzi osamba m'manja anabwera munthu atagwada. M'mbale yanga munali nthutumba ya nkhuku, ine amene kwathu ndinakulira mapazi ndi khosi. Munthu wamakhalidwe akanakana. Ine ndinadya, n'kufunsa ngati Lamlungu linalo kudzakhalanso nkhuku.

Mlungu womwewo ndinabwerera ku Mandevu. Ndinagula masafari ena awiri, mabuluku otakasuka ndi nsapato zobulungira kutsogolo. Mayi wogulitsayo anati, "Ba mudala banu bazakondwela maningi." Ankayesa ndagulira bambo anga okalamba, ndipo sindinamuwongolere. Komabe masafari atsopanowo sanafike pa ija ya amalume, motero iyo ndiyo inali ya tsiku ndi tsiku, enawo ongodikira ikachapidwa.

Kenako foni inayamba kulira. Mwana wabadwa ku Kanyama, atate atchule dzina. Wina wathamangitsidwa sukulu, atate akalankhule naye. Esinati, mwana wanga woyamba, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, anakangana ndi mwamuna wake ku komboni ya George, ndipo ine ndinakakhala pampando kuweruza banja la zaka khumi ndi zisanu. Chidziwitso changa chonse cha banja chinali kulemba uthenga wakuti "wadya?" Nditasowa chonena, ndinagwira thumba lapachifuwa, ndinatsokomola, n'kunena kuti banja ndi kupirirana. Onse anagwedeza mitu. Wina ananong'ona kuti malemu abwereradi, ngakhale katsokomoledwe n'komweko.

Mutinta zonsezi sindinamuuze. Ndinangomuonekera ndi jekete pa shopu.

"Ni chani ichi?"

"Sitayilo yanga. Siiwe unakamba kuti nipeze chamene nimvela bwino?"

"Nenze nikamba vovala va bantu bamoyo. Uoneka monga ba hedimasitala bamene banaiwala kubauza kuti banapuma."

Komabe anavomereza kuti masiku amenewo ndinkayenda mowongoka ndi kuseka pafupipafupi. Anati ndi matenda ongodutsa, adikira ndichire.

Tsiku loipa loyamba linali Lamlungu lina, pamene ndinaganiza zokamuonetsa kwa amayi. Amayi Lamlungu amakhala kunyumba kwa malemu, choncho tinalunjika komweko, ine ndikudzitsimikizira kuti anthu akaona mlendo adziletsa. Titangolowa pa geti, amake Esinati, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, anatuluka m'khitchini n'kugwada.

"Mwafika, atate ake Esinati? Nkhuku yanu yapsa." Kenako anamuyang'ana Mutinta kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwachikondi chenicheni. "Awa ndiye akazi anzanga? Mwasankha bwino. Bwela mng'ono wanga, nikuonetse mwamene akondela tiyi amuna athu."

Kunali kuselewula kwa mwambo, ndipo nyumba yonse inaseka. Mutinta sanaseke. Asanapume n'komwe, Esinati anabwera chokwawa ndi maondo, n'kumupatsa moni wakuti, "Muli bwanji, amayi?" Mutinta panthawiyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Chakudya chitabwera anaona mbale yanga, anaona momwe ndinatolera nthutumba osayang'ana, ngati munthu wozolowera, n'kundinong'oneza.

"Uli na bana?"

"Baliko sikisi," ndinayankha, nthutumba ili m'kamwa. "Koma ninabapeza bakulu kale."

Mlungu wathunthu foni yanga sanaiyankhe. Ndinachita kukaima pakhomo pa shopu mpaka analola kumva nkhani yonse, kuyambira pa mpando uja mpaka pa mpopi. Anamvetsera, ndipo ndikhulupirira kuti pena anafuna kuseka. Pomaliza anati:

"Ine nikonda iwe, Gidiyoni sinimuziba. Ngati ulidi na ine, bwela na bantu bako kwa ba dadi ku Mtendere. Koma umvele bwino, ba dadi sibakonda vamasewela. Ubwele monga munyamata, unkhale pansi, unkhale zii. Uvale suti yamene nizakusankhila. Jekete ija nikaiona pa geti yatu, osanitumila foni futi."

Mawu anali omveka. Palibe pamene ndingati sindinamve bwino.

A Zulu anavomera kutitsogolera. Anati, "Ukabwela wopanda jekete ndiwe mwana, ine nilankhula. Za dzina tidzawauza apongozi pang'onopang'ono, ukwati utapita." Tinagwirizana kuti iwo, amayi ndi a Lazalo atsogole ndi mbale zovundikirana zopemphera mbeta, ine ndiwapeze komweko kuti makolo amuone mnyamata.

Tsikulo linagwa mu Okutobala, dzuwa la Lusaka likuswa mtengo. Suti ya Mutinta inali yokongola, sindikana. Ndinaivala, ndinamanga tayi, n'kuima pagalasi. Pasanathe mphindi zisanu thukuta linali litafika m'masokosi. Ndikakweza dzanja, phewa linkalira. Jekete yanga inali kuseri kwa chitseko, yosita kale, yosalankhula kanthu. Ndiye panabwera nzeru ija imene imabwerera anthu opusa okhaokha: ndivale jekete panjira pokha, suti ndiinyamule m'chikwama, ndikasinthire kwa mnzanga wina wa ku Mtendere. Ndinavula zonse, n'kuvala jekete pamwamba pa vesiti yakale yobooka, poti safari safuna malaya mkati.

M'tauni, pokwera minibasi yachiwiri, kondakitala anandilanda chikwama n'kuchikankhira pansi pa mpando wakumbuyo. "Ba mudala, imwe nkhalani kutsogolo," anatero. Ndinakhala kutsogolo, chigongono pawindo, mphepo ikuchita ntchito yake. Ku Mtendere ndinatsika mwaulemerero. Anthu ndimawauza kuti chikwama ndinachiiwala. Zoona zake n'zakuti ndinachikumbukira basi isanapite patali, moti ndikanakuwa ikanaima. Ndinaganizira za tayi ija, ndipo mawu sanatuluke. Suti inapitiriza ulendo yokha.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikalowa mwakachetechete, ndikakhala pansi pafupi ndi chitseko, palibe adzasamale za chovala. Nditalowa, kampando kanga kanalidi pomwepo, kafupi, koyenera mnyamata wopempha. Koma a Zulu atangoona jekete, anausa moyo, ananyamuka pa sofa n'kukakhala pa kampando kaja. A Lazalo anaimirira. Amayi anga ondibala anatsika pampando n'kugwada.

Bambo ake a Mutinta, a Hamoonga, ndi munthu wamtali wosaseka wamba. Anayang'ana zonsezi n'kufunsa, "Aba ni bandani?"

"Mkulu wa banja lathu," anatero a Zulu. "Iwo alipo, ine sininganene kanthu. Alankhule ndiwo."

Ndinawatsinzinira diso. Iwo anayang'ana kudenga. A Hamoonga anandilozera pa sofa mwaulemu. "Mwalandilidwa, bakulu. Kambani."

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kuulula zonse. Koma miyezi ingapo ya nthutumba imamuwononga munthu. Nditangomira mu sofa muja, dzanja linapita lokha pa thumba lapachifuwa, chifuwa chinatsokomola chokha, pakamwa n'kutseguka. Ndinati tabwera chifukwa mnyamata wathu waona msoti pakhomo pano. Ndinati mnyamatayo timamudziwa bwino, ndi waulemu, wolimbikira ntchito, womvera akulu, ndipo mowa amangolawa. Ndinalankhula mokoma moti a Hamoonga anayamba kugwedeza mutu, ine ndemwe n'kuyamba kumusirira mnyamatayo.

"Mwakamba bwino," anatero. "Manje munyamata mwine ali kuti? Timuoneko."

A Lazalo, mbale wanga wa bere limodzi, anandiloza ndi mlomo.

"Ni ine," ndinatero.

"Imwe ndimwe bamalume."

"Inde."

"Na munyamata ndimwe."

"Inde."

"Ndiye kuti mwabwela kuzipemphela mweka, na kuziyamikila mweka, pa sofa yanga." Sanakweze mawu. Anatembenukira kwa a Zulu. "Ba mudala, imwe muoneka muntu wa Mulungu. Uyu mukulu wa banja yanu, ali na mukazi?"

A Zulu ndinawaona akulimbana nalo bodza, likuwakana.

"Mwa mwambo, alipo."

"Bana?"

"Asanu ndi mmodzi. Koma nifotokoze..."

A Hamoonga anali atanyamuka kale. Anatola mbale zathu pamphasa, osazivundukula, n'kuziika m'manja mwa amayi. Kenako anatsegula chitseko n'kuchigwira mpaka tonse titatuluka. Potuluka a Zulu anapatuka kuti ine nditsogole, poti mkulu wa banja satsalira m'mbuyo.

Mutinta anali pa geti. Anali atavala diresi la chitenge limene anasoketsa chifukwa cha tsikulo, ndipo zonse anazimvera kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndinayamba kumasula mabatani mofulumira.

"Ona, navula. Nizaitaya lelo lamene."

Anayang'ana vesiti yanga yobooka, kenako nkhope yanga.

"Siya chabe," anatero. "Ungavule lelo, mailo uzavala. Nakuona mwamene unankhalila pa sofa paja. Na ine sunankhalepo omasuka so."

Misozi inali ikutsika koma mawu sananjenjemere. Ndinafuna kumutsutsa, n'kupeza kuti sakunama. Zinandiwawa kuposa mawu onse a bambo ake, ndipo zimandiwawabe. Anatseka geti pang'onopang'ono, ine nditaima panja ndi mabatani awiri omasula.

Pa ulendo wobwerera amayi sakanandikalipira, poti munthu sakalipira achimwene ake pagulu, choncho anangokumbatira mbale zija n'kumayang'ana pawindo. Titafika ku Matero tinapeza nkhani yatitsogolera kale, monga mwa masiku onse. Ndinakhala pa mpando wa malemu, mutu uli m'manja. Amake Esinati anabwera ndi tiyi, anagwada, n'kundisisita pabondo.

"Musadandaule, atate ake Esinati," anatero. "Atsikana a masiku ano salimba. Ine sinipita kulikonse."

Tiyi ndinamwa, misozi ili m'maso, mabatani nditamanganso. Mutinta anakwatiwa chaka chatha ndi mnyamata wina wa mabuluku othina, ndipo ndimamva kuti akukhala bwino. Ndimamusowa. Achinyamata a m'banja mwathu akabwera kudzapempha malangizo (ndi ntchito yanga tsopano) ndimawauza kuti ukafika mochedwa pamsonkhano wa banja n'kupeza akulu ako onse akuyang'ana pansi, iwenso yang'ana pansi. Mmodzi anandifunsa ngati ndingaibweze jekete atandipatsa mpata woyambiranso. Ndinamufunsa ngati anayamba wavalapo safari mwezi wa Okutobala.